Mabikoni m'dimba la agogo

Chinthu choyamba chimene ndinaona chinali kachitsulo. Kanali katazikidwa mu simenti yaiwisi pakati penipeni pa bedi la mpiru, m'dimba la agogo amene timagulako ndiwo zamasamba, ndipo amene anakazikawo anaponda mbande zingapo n'kuzisiya zitagona. Unali mwezi wa Ogasiti, Loweruka m'mawa, mphepo ya fumbi ija itayamba kale. Ndinapita ndi kabeseni kuti ndikagule ndiwo za nkhomaliro. Ndinawapeza agogo ataima chilili, khasu lili m'manja, madzi a mu ndowa osathirira n'komwe.

"Mwanawe, iwe unapitako kusukulu. Tandiuza, chimenechi n'chiyani?"

Ndinawauza kuti imeneyi ndi bikoni, agogo, masaveya ndiwo amaika akamayeza malo. Anafunsa kuti nanga akuyezera yani, poti iwo sanaitane munthu. Funso limenelo linandikanika. Nditakweza maso ndinaona kuti mabikoniwo ndi ambiri, andandalikana kuchokera m'bango mpaka kumtunda kumene ana amasewera mpira, ndipo pa mtengo wa katope wa m'mbali mwa chitsime panali penti yofiira. Madzulo ake mwana wanga wamwamuna anabwera atatupa ndi mkwiyo, akuti azibambo ena abwera pa galimoto n'kuzula magolo.

Dera lathu lili kuno ku Lilongwe, m'mbali mwa kamtsinje kamene kamakathira mu Lingadzi. Malo amene ndikunenawa ali pawiri. Kumtunda kuli dothi la katondo, louma, pamene pali bwalo la mpira lopanda udzu ndi komwe. Pamenepo ndi pomwe timachitira misonkhano, pomwe amayi a mpingo amayeserera nyimbo, pomwe timakhoma tenti kukagwa maliro m'nyumba yopanda bwalo. Kumunsi kuli dambo. Dothi lake ndi makande akuda, amene m'chilimwe amang'aluka ming'alu yolowa dzanja, ndipo m'dzinja amakugwira phazi mpaka kukuvula patapata. Muli bango, mlulu, nzimbe pang'ono, ndi madimba a anthu mwina makumi awiri. Muli chitsime chimene sichiphwa ngakhale mu Okutobala. Mipopi ikauma masiku atatu, dera lonse limatsetserekera komweko ndi zigubu, kuphatikizapo antchito a m'nyumba za mipanda italiitali zija.

Patapita masiku angapo, aneba anga amene ndi mphunzitsi anabwera ndi nyuzipepala ya masabata awiri apitawo. Chakumapeto, pakati pa malonda a magalimoto ndi zidziwitso za ntchito, panali kabokosi kakang'ono kolembedwa m'Chingerezi. Kankanena kuti pali pempho la "change of use", ndiye kuti malo amene pa mapu a mzinda analembedwa kuti ndi osamangapo asinthidwe akhale a nyumba zogonamo, ndipo amene ali ndi dandaulo alembe kalata. Malowo sanawatchule ndi dzina limene ife timawadziwa nalo. Anangoika nambala ya puloti. Agogo amene alima m'dambomo kuyambira ine ndisanabadwe sagula nyuzipepala, sawerenga Chingerezi, ndipo sanamvepo kuti dimba lawo lili ndi nambala. Masiku odandaulira anali atatsala ochepa.

Mbali yatsopano ya mzinda uno anachita kuijambula pa pepala isanamangidwe. Kamuzu Banda atatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, boma linakhazikitsa bungwe lomanga likulu la Capital City Development Corporation (CCDC) mu 1968, linakongola ndalama ku South Africa, ndipo mu 1975 Lilongwe inakhala likulu. Ojambulawo ankafuna mzinda wa mitengo, wa madera otalikirana, pakati pake pali tchire ndi mitsinje yosiyidwa momwe ilili. N'chifukwa chake mpaka lero uli pa minibasi kuchoka ku Old Town kupita ku City Centre umadutsa nkhalango ya Nature Sanctuary pakatikati pa tawuni. Mapulani amenewo anali ndi zolakwa zake, ndipo chachikulu n'chakuti anakankhira anthu osauka kutali ndi kuntchito. Koma pa nkhani ya madambo anaona bwino. Sanawasiye chifukwa chosowa chochita nawo. Ankadziwa kuti mvula ikagwa pa malata ndi pa misewu, madzi ake ayenera kukhala ndi kopita.

Vuto ndi lakuti mzinda umene ankaujambulawo unali wa anthu ochepa. Pa kalembera wa 1966 Lilongwe inali ndi anthu osafika 20,000. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318, ndipo aliyense wokhala kuno akudziwa kuti pano tinadutsa kalekale miliyoni. CCDC inatha mu 1984, malo a mu mzinda n'kugawika m'manja mwa eni ambiri: unduna wa za malo, khonsolo, Malawi Housing Corporation, makampani, komanso mafumu a midzi imene mzinda unaipeza n'kuimeza. Pamene eni achuluka chotere, munthu wamba sadziwa khomo loti agogode, ndipo madobadoba amapezerapo mpata. Malipoti a UN-Habitat, nthambi ya United Nations yoona za malo okhala anthu, akhala akunena kuti pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse a mu Lilongwe amakhala m'madera osakonzedwa ndi mapulani, ndiponso kuti matawuni a dziko lino amafunika nyumba zatsopano pafupifupi 21,000 chaka chilichonse. Zimene zimamangidwa mwadongosolo sizifika ngakhale pafupi.

Ine ndili m'gulu la anthu osowa nyumbawo, ndipo izi ndiyenera kuzinena poyera. Ndakhala pa lendi zaka khumi ndi zinayi. Ndasamuka kasanu ndi kamodzi, katundu ali pa lole yobwereka, kabati ikusweka galasi panjira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, alandilodi anga anabwera ndi kakalata mwezi usanathe. Sindiwada. Nawonso thumba la simenti linawakwerera, ndipo ali ndi ana a sukulu. Koma ndikudziwa mmene zimawawira kukhoma msomali pakhoma uli ndi mantha, kudzala mtengo wa mango pakhomo ukudziwa kuti zipatso zake adzadya ena. Nditamva kuti pa malo aja pakubwera nyumba, mbali ina ya mtima wanga inadumpha. Ndinadzifunsa ngati imodzi mwa izo singakhale yanga.

Ndi mtima wapawiri umenewo ndinapita ku msonkhano umene amfumu anaitanitsa Lamlungu masana, pansi pa mkuyu wa m'mphepete mwa bwalo. Anthu anadzadza. Amayi anayala zitenje pansi mbali imodzi, abambo pa mabenchi obwereka ku tchalitchi, anyamata akabaza atatsamira njinga zawo kumbuyo. A khansala anabwera, ndipo kampani yofuna kumangayo inatumiza mnyamata waulemu, wovala malaya oyera, atanyamula chipepala chachikulu chokulunga.

Woyamba kuyankhula anali bambo wina wa nyumba ya mpanda wa njerwa, pamwamba pake pali waya wamagetsi. Anati nkhawa yawo ndi umbava, ndi fumbi la malole, ndi kuti kukabwera anthu ambirimbiri osadziwika kumene achokera dera litsika mtengo. Ena anawomba m'manja. Ine sindinawombe. Mawu akuti anthu osadziwika kumene achokera ndinawamva ngati akunena ine, pakuti nanenso ndinafika kuno ndi matilesi pamutu, wopanda wondidziwa. Mayi wina wogulitsa mandasi, amene amakhala chipinda chimodzi ndi ana anayi, anaimirira nakonza chitenje. "Zikomo amfumu. Bambo anenazi ndazimva. Koma ife a pa lendi ndife anthu, si akuba ayi. Ngati nyumbazo zili zoti ife n'kulowamo, amange mawa lomwe." Anyamata kumbuyo anakuwa movomereza. Mmodzi anawonjezera kuti iye anaphunzira zomangamanga koma chaka chatha osagwira chipande, ndiye asamuletsere ganyu anthu amene anakhuta kale.

Pamenepo ndinaona kuti mawu akuti nkhawa za anthu a m'dera amabisa zambiri. Sitinali ndi nkhawa imodzi. Wina ankateteza mtengo wa nyumba yake, wina dimba, wina mpira wa ana, wina ankangofuna ntchito. Ndipo nkhawa zina, monga ya bambo a mpanda aja, ine sindingaziikire kumbuyo. Walira mvula walira matope: amene anasankha kukhala mu likulu la dziko asadabwe anthu ena akamabwera kudzakhala pafupi naye.

Mnyamata wa kampani uja anatambasula chipepala chake. Chinali chokongola ndithu. Nyumba zofanana zili m'mizere, madenga obiriwira, kapinga pakhomo, galimoto pa khomo lililonse, geti imodzi yokhala ndi mlonda. Anafotokoza kuti padzakhala msewu wa tala, magetsi ndi madzi, ndipo wogula adzapatsidwa lizi ya zaka 99. Mayi wa mandasi uja anafunsa mtengo. Mnyamatayo anazengereza, kenaka anatchula. Panali zii. Ndinawerengetsa mumtima malipiro anga a pamwezi, ndipo ndinapeza kuti ngakhale nditasiya kudya, ndingafike popuma ntchito ndisanamalize kulipira. Mayi aja anangokhala pansi osanenanso kanthu. Anthu amene ankayembekeza kuti chitukukochi chiwachotsa pa lendi anazindikira nthawi yomweyo kuti iwo adzangochionera kunja kwa mpanda, ndipo njira yawo yachidule yopita kumsika ndi kusukulu idzatsekedwa.

Agogo anayankhula kumapeto, atakhala pansi, mawu awo otsika moti amfumu anachita kuuza anthu kuti akhale chete. Sananene za mpiru wawo. Anafunsa mnyamata uja kuti, "Mdzukulu wanga, pa chithunzi chakocho madzi ali pati?" Iye analoza kamzere kabuluu m'mphepete, nati apo padzakhala ngalande ya simenti. Agogo anapukusa mutu. Anati iwo aona dambo limenelo litadzadza mpaka pa tsinde la katope, madzi ofika m'chiuno, n'kukhala choncho masiku atatu asanayambe kuphwa pang'onopang'ono. Anafunsa kuti madzi a masiku atatu amenewo akawapanikiza mu ngalande imodzi, adzafika kwa yani, nanga adzafika ndi liwiro lotani. "Madzi saiwala khwawa," anatero, n'kutola ndodo yawo.

Funso la agogo lija ndi limene landichititsa kulemba zonsezi, chifukwa ndi funso la sayansi ngakhale linachokera kwa munthu amene sanalowepo m'kalasi. Dambo limagwira madzi ngati chinkhupule. Udzu ndi bango zimawachedwetsa, dothi limamwa ena n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe, n'chifukwa chake chitsime chija sichiphwa. Ukathira dothi la katondo pamwamba, n'kupondereza, n'kuyala simenti ndi malata, mvula siichepa ayi. Imagwa yomweyo, koma yonse imathamangira kumunsi nthawi imodzi. Nyumba zatsopanozo mwina zidzapulumuka, poti maziko ake adzawakweza. Amene adzalandire madziwo ndi anthu a kumunsi, a nyumba za zidina, amene sanaitanidwe ku msonkhano uliwonse.

Izi si zongoganizira. Mu Febuluwale 2017 Lingadzi anasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo, mpaka asilikali anachita kubwera ndi helikopita kudzapulumutsa anthu. Ndinapitako mawa lake kukaona mnzanga wa kuntchito. Sindiiwala fungo la matope m'chipinda chake, mzere wakuda pakhoma wosonyeza pamene madzi analekezera, makope a ana atayanikidwa pa mwala masamba atamatana, thumba la ufa litasanduka phala. Khoma la kuseri linali litagona pansi lonse. Chaka chomwecho mu Disembala madzi anavutanso mbali ya Kawale ndi Kaliyeka, ndipo anthu anafa. Za namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 sindichita kukumbutsa munthu: matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Nthawi imeneyo tonse tinkanena kuti anthu asamamange m'mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje. Tinkanena zimenezi kwa osauka. Lamulo lomwelo liyenera kugwiranso amene akubwera ndi mathirakitala ndi zikalata zodindidwa, chifukwa madzi sawerenga chikalata.

Pali chinanso chimene pa msonkhano paja palibe anachitchula, ndipo chimandivuta mumtima. Ifenso damboli talilakwira. Maenje a njerwa ali mbali ya kumadzulo anakumba ndi ana athu omwe. Mchenga wa mu kamtsinje timagulitsa tokha kwa a malole. Zinyalala, mapepala apulasitiki ndi matewera a ana timataya m'bango usiku. Nyumba imene ndikuchita lendi ineyo, akuluakulu amati pamalo pake panali dimba la nzimbe zaka makumi awiri zapitazo, ndipo ndi zoona, chifukwa m'dzinja chinyezi chimakwera khoma mpaka penti kumatuka, nsapato za pansi pa bedi kuchita nguwi. Takhala tikulidya dambolo m'mbalimbali, puloti imodzi imodzi, mwakachetechete, wina aliyense akuti kanga n'kakang'ono. Kampaniyo ikufuna kuchita pa chaka chimodzi zimene ife tikanazichita pa zaka khumi. Ngati tikufuna kuti atimvere, tiyenera kuyamba ndi kuvomera zimenezi, ndi kuleka.

Aneba anga aphunzitsi aja ndiwo anatitsegula maso pa za malamulo. Physical Planning Act ya 2016, imene inalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act ya 1988, imati kusintha ntchito ya malo kumafuna chilolezo cha komiti yoona za mapulani, chimodzimodzi kumanga. Environment Management Act ya 2017 imati ntchito zikuluzikulu zimene zingawononge chilengedwe ziyambe zaunikidwa, ndipo pa kuunikako anthu okhudzidwa ayenera kufunsidwa maganizo. Ndiye kuti bikoni payokha si chilolezo. Ambiri a ife sitinkadziwa. Tikangoona simenti ndi kachitsulo timati zatha, akuluakulu agamula kale, n'kubwerera kunyumba tikung'ung'udza. Koma tikukumbuka mmene nkhani ya malo a sukulu ya Livimbo ku Area 2 inagwedezera mzinda mu 2019, kutamveka kuti malowo agulitsidwa. Inamveka chifukwa anthu anakana kukhala chete.

Tinakhala usiku uwiri pa khonde la aphunzitsiwo tikulemba kalata, tochi ya foni ikutiunikira magetsi atazima. Tinakangana kwambiri. Bambo a mpanda aja ankafuna tilembe kuti sitikufuna nyumba ngakhale imodzi. Tinawakanira, ndipo anachoka osatsanzika. Otsalafe tinalemba kuti kumtunda, pa katondo, amange, poti malowo ndi ouma ndipo anthu akusowadi pokhala, koma dambo lonse kuyambira pa katope kutsika alisiye, ndipo malire ake ayezedwe m'dzinja madzi ali pomwepo, osati mu Ogasiti pamene munthu angayende pa makande ndi nsapato zopolisha. Tinapempha kuti ana asiyiridwe bwalo lenileni, lolembedwa pa mapu kuti mawa wina asadzaligulitse, ndiponso kuti njira ya kumsika ndi ya kuchitsime isatsekedwe ndi mpanda. Mayi wa mandasi anaumirira kuti tiikemo zoti gawo lina likhale la mapuloti ang'onoang'ono, olipira pang'onopang'ono, oti munthu azimanga yekha chipinda ndi chipinda. Zimenezi si zachilendo mu mzinda uno. Madera ngati Area 25 ndi Chilinde anakula choncho: boma linkadula mapuloti, kulambula misewu, kuika mipopi yotungapo anthu ambiri, eni ake n'kumamanga malinga ndi thumba lawo. Mabanja ambirimbiri amene lero ali ndi pawo anayambira pamenepo. Sindimvetsa chifukwa chake njira imeneyi tinaitaya n'kumangothamangira nyumba za m'mipanda zimene mphunzitsi, namwino kapena wapolisi sangazikwanitse.

Chomaliza chimene tinalemba chinachokera kwa agogo. Anati chidziwitso chotere chizibwera m'Chichewa, kudzera kwa amfumu, m'matchalitchi ndi m'mizikiti, ndipo chikhomedwe pa malo enieniwo. Uthenga wa maliro umafika khomo lililonse la m'dera lathu dzuwa lisanatuluke. Uthenga wa katemera wa ana umafika. Palibe chifukwa choti uthenga wa malo okhawo uzibisala pa tsamba lakumapeto la nyuzipepala.

Anasaina anthu oposa zana, ena ndi cholembera, ena ndi chala. Agogo anadinda chala chawo chachikulu, inki n'kulowa m'ming'alu ya khungu. Tinakapereka kalatayo ku ofesi yoyenera litatsala tsiku limodzi, ndipo mayi wa pa kauntala anatidindira kope yathu, imene aphunzitsi akuisunga mu jumbo pansi pa matilesi. Kuyambira pamenepo tapitako katatu. Ulendo uliwonse amatiuza kuti komiti sinakhale pansi, tidzabwerenso. Mathirakitala sanabwere, koma mabikoni sanazulidwe. Ana anadula mitengo ya bulugamu n'kuzikanso magolo awo.

Mvula yeniyeni yoyamba inagwa Lachinayi lapitali, kuyambira madzulo mpaka tambala woyamba. Kutacha ndinamva kugogoda pa chitseko. Anali mdzukulu wa agogo, akuti agogo akukuitanani, mubwere ndi foni. Ndinavala majombo n'kutsetsereka. Dambo lonse linali nyanja yofiirira, achule akulira mbali zonse, akakowa atatera pa bango. Mabedi a mpiru sankaoneka, monga zimakhalira chaka chilichonse nyengo ino. Agogo anali ataima pa tsinde la katope, chitenje atachikwinyira m'mawondo, akuloza ndi ndodo pamene panali bikoni ija. Ndinalowa m'madzi mpaka anadutsa majombo, ndinapapasa ndi phazi, ndipo ndinaipeza ili pansi, madzi ataipitirira ndi chikhatho chathunthu.

"Jambula, mwanawe," anatero agogo. "Ujambule ndi mtengowu kuti adziwe kuti ndi pomwe paja. Ukawapatse, ndipo ukawauze kuti abwere okha adzaone madzi asanaphwe."

Ndinajambula zithunzi khumi ndi ziwiri. Lolemba ndapempha theka la tsiku kuntchito, ndipo aphunzitsi akuti tikakumane pa siteji 7 koloko.